Mbaula ya nkhuni m'chipinda chachikulu ku Birmingham: 12 kW kapena 5 kW?

Womanga wa ku Birmingham:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndikumalizitsa ntchito panyumba ina kuno ku England, nyumba yakale ya m'ma 1930. Tinagumula khoma n'kuwonjezera kumbuyo, ndiye khitchini, podyera ndi pabalaza zakhala chipinda chimodzi: mamita 9 m'litali, 6 m'lifupi, 2.6 kufika kusiling'i. Muli ma radiator awiri (zofunditsa chipinda ndi madzi otentha ochokera m'boyila), koma kunja kukafika pa 0 m'katimo mumangothera pa madigiri 17. Mwini nyumba akufuna mbaula ya nkhuni yothandizira madzulo, ndipo mtima wake uli pa ya 12 kW (muyeso wa mphamvu ya moto wake) imene anaiona kushopu. Ine ndawerengera monga timachitira: makiyubiki mita 140, kugawa ndi 14, zikutuluka 10 kW. Ndiye 12 yo ingakhale bwino? Woika si ine, koma malo okhala mbaula ndi pobowola khoma ndiyenera kukonza ndisanapake pulasitala Lolemba. Chumuni chakale chilipo.

Woika mbaula wa ku Sheffield:
Achimwene, masamu anu ndi olondola, koma akuyankha funso lina. Kugawa ndi 14 kumatiuza moto wofunika ngati m'chipindamo mulibe china chilichonse chotenthetsa, kuchoka pa 0 kufika cha pa 21. Inu mwanena nokha kuti ma radiator akufikitsa kale pa 17. Otsala ndi madigiri anayi okha mwa 21, ndiye moto umene ukusowa ndi wa 2 kW kapena kuposerapo pang'ono. Ya 5 kW ikwanira, mpata n'kutsala.

Ya 12 kW yo ndikuuzeni zimene zidzachitike, chifukwa ndaziona kangapo. Sabata yoyamba aikoleza bwino, pakatha ola aliyense akutuluka thukuta, atsegula mawindo. Kenako azolowera kuika nkhuni ziwiri n'kutseka mpweya kuti moto uzingonyeka. Pamenepo ndi pamene mavuto amayambira. Mbaula zamasiku ano anazipanga kuti zizitentha kwambiri m'kati, mpaka utsi womwe uziyaka usanalowe m'chumuni. Mukaimana mpweya utsiwo suyaka, galasi limada, phula limamatirira m'paipi, nkhuni zikutha koma kutentha kulibe. Yaing'ono yoyaka mokwanira imachita bwino kuposa yaikulu yofuka.

Muuzeninso za nkhuni. Kilogalamu imodzi ya nkhuni zouma bwino ili ndi mphamvu pafupifupi 4 kWh. Ya 5 kW imadya cha pa kilogalamu imodzi ndi theka pa ola. Ya 12 kW yoyaka mmene iyenera kuyakira imapitirira makilogalamu atatu.

Womanga wa ku Birmingham:
Zamveka madala. Koma akuti yaing'ono ikaoneka ngati kachidole m'chipinda chachikulu chotere, akufuna azionera moto ali kukhitchini.

Woika mbaula wa ku Sheffield:
Zimenezo zili ndi mankhwala. Makampani ambiri tsopano amapanga za 5 kW zotambalala, za galasi lalikulu, zina zokhala ndi posungira nkhuni pansi. Maso amakhuta, moto uli wofatsa. Ndipo popeza chipindacho n'chachitali, sankhani ya convection, ya makoma awiri imene imayendetsa mpweya wofunda, kuti kutentha kufike kukhitchini. Ya cast iron imachedwa kutentha koma imasunga. Ya steel imatentha msanga. Kwa munthu wokoleza akaweruka kuntchito, ine ndimakonda ya steel.

Pulambala wa ku Luton:
Pepani ndilowerepo. Thermostat, kachipangizo koyeza kutentha kamene kamayatsa ndi kuzimitsa boyila, ili kuti? Ngati ili m'chipinda chomwecho, mbaula ikangoyaka boyila izima, zipinda zogona zam'mwamba n'kuzizira ngati kunja. Chaka chatha ndinaitanidwa kawiri kuti boyila yafa, pomwe vuto linali limeneli. Thermostat yo isamutsireni kukolido, ndipo ma radiator awiriwo muwaike ma TRV (mavavu omva kutentha) kuti azidzitseka okha chipinda chikafunda. Wayayo yendetsani pano pulasitala asanalowe.

Womanga wa ku Birmingham:
Ili pakhoma la podyera, mamita atatu kuchokera pachumuni. Zikomo achimwene, ndikanaiwala.

Wosesa chumuni wa ku Coventry:
Bambo a ku Birmingham, chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi khitchini. Pamwamba pa chitofu pali fani yokoka utsi kupita kunja? Ngati ilipo, ili m'chipinda chimodzi ndi mbaula, ndipo mwaika mawindo atsopano osalowa mphepo, faniyo ikamakoka mpweya wolowa m'malo mwake uchokera kuti? Utsikira m'chumuni, limodzi ndi utsi ndi mpweya wakupha wa carbon monoxide. Tonse tikudziwa nkhani zakwathu za anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka mwezi wa June. Mpweya wake ndi womwewo, sununkha, suoneka. Nkhaniyi sindiitenga mopepuka ngakhale pang'ono.

Njira ndi ziwiri. Asinthe fani ikhale yongosefa n'kubwezera mpweya m'chipinda, kapena agule mbaula yokoka mpweya wake kuchokera kunja kudzera m'paipi yakeyake. Ngakhale atatero, woika ayese utsi fani ili pa mphamvu yake yonse, zitseko ndi mawindo zili zotseka. Alamu ya carbon monoxide ndi lamulo, ikhale mita imodzi mpaka atatu kuchokera pambaula.

Chumunicho musachikhulupirire chifukwa chaima. Cha m'ma 1930 chimakhala chachikulu m'kati, matope a pakati pa njerwa atafumbutuka. Chisesedwe, chiyesedwe, ndipo mosakayika chifunika liner, paipi yoyendetsa utsi m'kati mwake.

Woika mbaula wa ku Sheffield:
Mayi anena zoona. Ndionjezere za bowo la mpweya, popeza ndi limene mukufuna kudziwa Lolemba lisanafike. Approved Document J, buku la malamulo a zomangamanga lokhudza mbaula ndi chumuni, imati m'nyumba yakale yolowa mphepo, mbaula yosapitirira 5 kW siifuna bowo. Ikapitirira, ndi 550 mm² pa kW iliyonse yoposa 5. Ya 12 kW yo ikanafuna 3,850 mm², bowo lolowetsa chisanu m'chipinda chimene mukufuna kufunditsa. Koma musadalire zoti nyumbayo ndi ya m'ma 1930. Ndi gawo latsopanolo, mawindo atsopano ndi pulasitala watsopano, ikhoza kuwerengedwa ngati nyumba yotsekeka, ndipo pamenepo 550 yo imayambira pa kW yoyamba. Ine ndikanaika paipi ya mpweya wakunja basi, nkhani n'kutha. Kukula kwa paipiyo kuli m'buku la mbaulayo, ndiye asankhe mbaula musanabowole.

Pokhalira: ngati bukulo likunena kuti siitenthetsa pansi kupitirira madigiri 100, mwala kapena galasi la 12 mm likwanira. Lituluke 225 mm kutsogolo ndi 150 mm m'mbali, koma ine kutsogolo ndimaika 300 chifukwa makala amagwa potsegula chitseko. Ngati bukulo silikunena zimenezo, pafunika konkire yochindikala.

Wosesa chumuni wa ku Coventry:
Musaiwale khonsolo. Birmingham yonse ndi dera loletsa utsi, ndiye mbaulayo ikhale pamndandanda wa zololedwa ndi DEFRA, unduna woona zachilengedwe. Kungolembedwa Ecodesign, muyezo wochepetsa utsi, sikokwanira. Chimenecho n'chofunika pa mbaula iliyonse yatsopano kuyambira January 2022. Chindapusa cha utsi wotuluka pachumuni ndi £175 mpaka £300. Nkhuni agule zolembedwa Ready to Burn, chinyezi chosapitirira 20 peresenti. Ndipo bambo, zidutswa zamatabwa opakidwa penti kapena mankhwala zotsala pantchito yanu musamusiyire, anthu amaziponya pamoto.

Womanga wa ku Birmingham:
Ndalankhula naye madzulo ano. Ndinamuonetsa masamu a madigiri anayi aja ndi kukula kwa bowo la 12 kW, wavomera ya 5 kW yotambalala, ya mpweya wakunja. Faniyo ndi yotulutsira kunjadi, ndipo akukana kuisintha chifukwa amakazinga kwambiri, ndiye ndamuuza kuti woika wa HETAS, bungwe lovomereza oika mbaula, abwere adzaone kaye tisanagule kanthu. Abwera Lachinayi pamodzi ndi wosesa. Thermostat ndikusamutsa mawa. Pulasitala wakhoma la chumuni ndamuimitsa mpaka atauza kukula kwa paipi. Makoma enawo apakidwa Lolemba.