Owerenga awiri abweza mabuku atakhumudwa: kodi tiyambe kumata zizindikiro zochenjeza?

Woyang'anira laibulale yaing'ono:

Akuluakulu anzanga pantchitoyi, ndabwera ndi vuto limene landisowetsa mtendere mwezi uno. Mulaibulale yathu muli shelefu imodzi imene tinaikapo nkhani zopeka zachikondi zachikhristu pamodzi ndi nkhani zopeka zochitika m'nthawi zakale, chifukwa anthu ofuna mitundu iwiriyi kawirikawiri amakhala omwewo. Mayi ena achikulire, amene amabwereka mabuku sabata ndi sabata, atamaliza Love Comes Softly la Janette Oke anandipempha kuti ndiwapezere lina lofanana nalo. Ine ndinawapatsa Redeeming Love la Francine Rivers, poganiza kuti onse awiri ndi achikhristu, ndi achikondi, ndiponso akunena za anthu a ku North America a zaka za m'ma 1800. Patapita masiku awiri analibweza atalikulunga m'pepala, naliika patebulo mwakachetechete, nati, "Mwananga, buku ili si langa." Kapepala kosonyeza pamene anasiyira kanali kadakali m'masamba oyambirira.

Sabata yomweyo bambo ena anapempha nkhani ya m'nthawi za m'Baibulo, ndipo ndinawapatsa The Red Tent la Anita Diamant. Nawonso analibweza, akudandaula kuti wolembayo wapotoza zimene zili pa Genesis 34. Tsopano ndikulingalira zomata zizindikiro zofiira pamabuku onse amene ali ndi zinthu zolemetsa mtima. Kodi mukuona kuti ndi nzeru?

Wogulitsa mabuku:

Bambo, musadziimbe mlandu kwambiri, pakuti chikuto chimanyenga ngakhale ife amene timagwira mabuku tsiku lonse. Mabuku awiri oyambawo amafanana m'dzina la mtundu wake mokha. Buku la Oke, limene linatuluka mu 1979 ku kampani ya Bethany House, ndi lofatsa: Marty waferedwa mwamuna, Clark akufuna womlerera mwana wake wamkazi, ndipo ukwati umene unayamba chifukwa cha kusowa pogwira umasanduka chikondi pang'onopang'ono. Buku la Rivers linatuluka koyamba mu 1991 ku kampani yosindikiza mabuku a anthu onse, ndipo analikonzanso mu 1997 kuti ligulitsidwe ngati lachikhristu. Nkhani yake ndi ya mneneri Hoseya ndi Gomeri, yosamutsidwira ku California m'masiku amene anthu ankathamangira golide cha m'ma 1850, ndipo imayamba ndi kamtsikana kamene kagulitsidwa kuti kazichita uhule. Amene amalikonda amalikonda kwambiri, koma si buku lopatsa munthu osamuuza kanthu.

Za The Red Tent, la mu 1997, vuto ndi lakuti silinalembedwe ngati buku lachikhristu mpang'ono pomwe. Diamant akufotokoza moyo wa Dina, mwana wamkazi wa Yakobo wa pa Genesis 34, momwe wolembayo akuuganizira, ndipo zimene zinachitika ku Sekemu akuzisandutsa nkhani ya chikondi. Ine ndikuti matani zizindikirozo, chifukwa zidzakupulumutsani ku madandaulo.

Wolemba kaundula wa mabuku:

Ndikugwirizana ndi anzathu ogulitsa mabuku pa zonse zimene afotokoza, koma pa zomata zizindikiro ndikusiyana nawo. Musitolo, munthu akagula buku losamukomera amabwera kudzafuna ndalama zake, choncho chenjezo limateteza malonda. Mulaibulale, chizindikiro chofiira chimaweruza buku ndi wolibwereka yemwe, chifukwa mayi amene moyo wake unadutsa m'minga yofanana ndi ya m'buku la Rivers, amene mwina ndiye akulifuna koposa, adzachita manyazi kulinyamula pamaso pa anzake. Palinso funso la amene adzagamule kuti cholemetsa n'chiti. The Pillars of the Earth la Ken Follett, la mu 1989, limanena za kumanga tchalitchi chachikulu ku England m'zaka za m'ma 1100, komabe lili ndi zochitika zogwiririra akazi. Quo Vadis la Henryk Sienkiewicz lili ndi Akhristu ophedwa m'bwalo la masewera m'nthawi ya Nero. Mukayamba kumata, mudzamaliza shelefu yonse.

Bungwe la American Library Association limasiyanitsa zizindikiro zongolondolera munthu ku chimene akufuna ndi zizindikiro zomuopseza kuti asawerenge, ndipo limatsutsa zachiwirizo. Chimene ndingachite ine ndi kugawa shelefuyo. Nkhani zachikondi zachikhristu zikhale pazokha, nkhani za m'nthawi za m'Baibulo zosindikizidwa ndi makampani achikhristu pazokhanso, ndipo nkhani zina zonse za mbiri yakale ziikidwe motsata nthawi imene zikunena. The Red Tent likanakhala m'gulu lachitatulo, dzanja lanu silikanalifikira tsiku limenelo.

Mayi amene anapuma pantchito ya laibulale:

Ana anga, kugawa shelefu n'kwabwino, koma sikuchiza nthenda imene ndaiona m'kalatayi. Bambo, mwatiuza zimene munaganiza inuyo za mabuku awiriwo, koma simunatiuze chimene mayiwo anakonda m'buku loyamba, ndipo ndikukayika ngati munawafunsa. Paja safunsa anadya phula.

Joyce Saricks, amene analemba zambiri za ntchito yothandiza owerenga kusankha mabuku, ankaphunzitsa kuti munthu sakonda buku chifukwa cha mutu wa nkhani wokha, koma chifukwa cha liwiro limene nkhaniyo ikuyendera, anthu amene ali m'menemo, kayalidwe kake, ndiponso mmene imam'siyira mumtima. Ine ndinkayamba ndi pempho limodzi lokha, lakuti andiuze za buku limene anasangalala nalo, kenaka n'kukhala chete. Wina amanena za munthu wa m'nkhanimo ngati m'bale wake. Wina amanena za zovala, zombo ndi nkhondo za nthawi imeneyo. Wina amati sanagone usiku wonse. Atatuwo angakhale atawerenga buku limodzi, koma lotsatira silingakhale limodzi. Pambuyo pake ndinkafunsa ngati pali chimene safuna kukumana nacho m'buku, ndipo funso limeneli ndinkalifunsa motsitsa mawu, popanda ena pafupi.

Pali kusiyana kwina kumene ambiri amakuiwala. Nkhani yachikondi imalonjeza wowerenga kuti awiriwo adzathera pabwino, ndipo yachikhristu imawonjezera lonjezo lakuti chikhulupiriro chidzakhala mbali ya ulendowo. Nkhani ya mbiri yakale silonjeza chilichonse mwa ziwirizi, pakuti imamangidwa ndi zimene zinachitikadi. Ngakhale pakati pa mabuku achikhristu enieniwo muyenera kusamala: A Voice in the Wind la Rivers yemweyo, limene limayamba ndi kugwa kwa Jerusalem m'chaka cha 70, limatha mtima wa wowerenga uli m'malere, ndipo munthu wosauzidwa kuti pali buku lachiwiri amabwera atakwiya.

Woyang'anira laibulale yaing'ono:

Amayi, mwalasa, sindinawafunse. Koma ndivomerenso china: mabuku a pashelefu imeneyo amene ndawerenga mpaka kumapeto ndi ochepa, ndipo nthawi yowerenga onse ndilibe. Kodi munthu angalankhule bwanji moona za buku limene sanaliwerenge?

Mayi amene anapuma pantchito ya laibulale:

Palibe amene anawerenga shelefu yonse, ndipo wowerenga sayembekezera zimenezo malinga ngati simukumunamiza. Patulani mphindi khumi pa buku lililonse. Yambani ndi dzina la kampani yosindikiza, chifukwa Bethany House, Tyndale House kapena Revell zimakuuzani kale kuti bukulo lalembedwera owerenga achikhristu, ngakhale sizikuuzani kulemera kwake. Werengani mutu woyamba wonse, popeza ndi pamene mayi aja anapunthwa, kenaka masamba angapo apakati kuti mumve ngati nkhani ikuthamanga kapena ikuyenda mwachifatse. Kumapeto kwa mabuku ambiri a mbiri yakale kumakhala mawu a wolemba ofotokoza zimene zinachitikadi ndi zimene wapeka, ndipo masamba awiri amenewo ndiwo akanakuchenjezani za owerenga onga bambo a Genesis aja, amene amafuna kudziwa pamene malire ali. Zimene mwapeza muzilembe m'kope la ogwira ntchito lokhala kuseri kwa tebulo, osati pachikuto cha buku. Ndiponso muzipereka mabuku atatu m'malo mwa limodzi, n'kunena chiganizo chimodzi choona pa lililonse, kuti wosankha akhale mwini wake.

Wogulitsa mabuku:

Za kope la ogwira ntchito ndazilandira, ndipo mawu anga a zizindikiro ndawabweza. Ndingowonjezera chimene tonse tachidumpha: Love Comes Softly ndi loyamba pa mndandanda wa mabuku 8, ndipo lachiwiri ndi Love's Enduring Promise. Kwa bambo aja yesani Gods and Kings la Lynn Austin, lonena za Hezekiya, limene limatsata Malemba mosamala kwambiri kuposa la Diamant.

Woyang'anira laibulale yaing'ono:

Ndabweranso patapita masabata atatu kudzapereka lipoti. Shelefu ndaigawa monga ananenera olemba kaundula, ndipo kope lili ndi mabuku 26 tsopano. Mayi aja nditawafunsa paokha, anandiuza kuti chimene chinawalepheretsa si nkhani ya uhule, pakuti buku la Hoseya amalidziwa bwino, koma kuona mwana akuzunzidwa. Chimene anakonda mwa Oke ndi mmene Marty amaphunzirira ntchito za panyumba yachilendo pamene misozi isanaume. Mwa mabuku atatu amene ndinawayalira anatenga When Calls the Heart la Oke yemweyo, popeza Love's Enduring Promise tilibe ndipo ndangoliitanitsa kumene. Bambo aja akuwerenga buku la Austin atatsegula 2 Mafumu pambali, ndipo dzulo anabwera ndi kapepala ka malo anayi amene akufuna tikambirane ngati ndi a m'Malemba kapena a wolemba. Redeeming Love linabwerekedwa ndi mayi wina wachitsikana amene ndinamuuziratu mmene limayambira. Anayankha kuti akudziwa kale, pakuti aka n'kachitatu kuliwerenga.