Masheya 60 a alamu a atcheya

Nambala 11: Atcheya, ndadikira masiku atatu kuti mwina mulankhula nokha, koma kuli zii. Ndiye ndifunse pompano pagulu. Masheya 60 a alamu anu gulu lathu la banki m'khonde lawagula pa 2,600 sheya imodzi. Achemwali anga potuluka chaka chatha munawabwezera 2,000 yomwe ankaponya ija, n'kudulanso chindapusa. Lamulo linasintha liti? Tinakweza manja tsiku liti? Ine msonkhano sindijomba.

Atcheya: Mwadzuka bwanji kaye, mayi. Nkhaniyi inakambidwa.

Nambala 11: Ndadzuka. Inakambidwa ndi ndani?

Atcheya: Komiti. Achemwali anu anachita kuthawa, pomwe alamuwa atsanzika mwaulemu chifukwa amuna awo awasamutsa kuntchito. Masamu ndi awa. Chuma chonse cha gulu 1,560,000, masheya onse 600. Gawani nokha, mupeza 2,600. Tawapatsa 156,000. Masheya atsala 540, ndiye kuti tsiku logawana tikhala ochepa, aliyense adya zambiri. Mumayenera kundithokoza.

Nambala 11: Achemwali anga sanathawe. Ngongole yawo anabweza yonse, ndinu munawerenga ndalamazo kawiri mukunyambita chala ngati akupatsani zabodza. Mawu oti kuthawa muwabweze.

Nambala 3: Ndime 14 ija ya malamulo a gulu, yoti wotuluka amangobwezeredwa zomwe anaponya, tonse tikuidziwa. Kapena ili ndi anthu ake?

Msungichuma: Ine musanditchule chonde. Ndinauzidwa kuti tsegulani bokosi, makiyi onse atatu analipo, ndinawerenga n'kupereka. Basi.

Nambala 3: Palibe wakutchulani, mayi. Mwadzitchula nokha.

Mlembi: Ndilankhuleko poti buku lili ndi ine. Mu 1,560,000 imene atcheya akunenayo muli ngongole zomwe zili kunja, ndipo mwa ngongolezo muli 240,000 imene yatha miyezi itatu osabwera ngakhale chiwongoladzanja chake. Tikaichotsa, chuma chathu ndi 1,320,000, sheya imodzi 2,200. Apa alamu akanatenga 132,000. Atenga 156,000. Zatsala 1,164,000 pa masheya 540, sheya imodzi ikugwera cha pa 2,155. Ine tsiku limenelo ndinanena kuti tidikire, anandiyankha kuti galimoto ya katundu ikunyamuka m'mawa.

Atcheya: Ngongole ndi chuma cha gulu. Ibwera.

Mlembi: Ikabwera tidzawerenga. Koma alamu atenga kale gawo lawo la ndalama imene sinabwere, ndipo ikapanda kubwera olira ndi ife otsala.

Atcheya: Vuto lanu simutsata za dziko. Kugula masheya a eni ake si chinthu chomwe ndayambitsa ine. Apple, kampani ya mafoni ija, mu May 2024 inalengeza kuti yaika madola 110 biliyoni oti igulire masheya ake omwe. Masheya akachepa, otsalawo amakwera mtengo. Kodi azungu a ku Apple nawonso ali ndi alamu?

Nambala 7: Kkkkk atcheya afika ku America.

Nambala 16: Bambo atcheya, pepani ndine mwana pano, koma zimenezi n'zomwe tikuphunzira kusukulu, ndiye mundilole. Kuchepa kwa masheya pakokha sikulemeretsa munthu. Tengani masamu anu omwewo: 1,560,000 kuchotsa 156,000 ndi 1,404,000. Gawani ndi 540, yankho ndi 2,600 yomweyo. Palibe chawonjezeka, chifukwa masheya achoka pamodzi ndi ndalama zake. Otsala amapindula pokhapokha sheya yagulidwa motsika kuposa mtengo wake weniweni. Ikagulidwa mokwera, wopindula ndi wotulukayo. Warren Buffett, katswiri wa masheya wa kampani ya Berkshire Hathaway ku America, wakhala akunena zomwezi kwa zaka zambiri, kuti kampani izigula masheya ake mtengo ukakhala pansi basi. Komanso Apple imagula pamsika, kwa aliyense wofuna kugulitsa, pa mtengo umene aliyense akuuona. Ife tagula kwa munthu mmodzi, pa mtengo woikidwa ndi achibale ake, ena tonse tili kunyumba.

Atcheya: Mwanawe, gulu ili linayamba iwe uli ku pulayimale.

Nambala 11: Msiyeni mwana amalize. Inu mwayamba nokha za Apple.

Nambala 16: Zogula kwa munthu mmodzi pa mtengo wapadera ziliko, ndipo munthuyo akakhala kuti waopseza kulanda kampani amazitcha greenmail. Mu 1984 kampani ya mafilimu ya Disney inagula masheya a wamalonda wina, Saul Steinberg, mokwera kuposa a pamsika kuti achoke, eni masheya ena anakasuma kukhoti. Pofika 1987 boma la America linaika msonkho wa 50 peresenti pa phindu lopezeka mwa njira imeneyi. Sindikuti alamu anaopseza munthu ayi, koma otsala kumva kuwawa kwake n'kumodzi. Chinanso, ndalama zogulira masheya zimayenera kukhala zotsalira. Makampani a ndege a ku America anathira ndalama zambiri pogula masheya awo, ndiye mliri utabwera mu 2020 anakapempha thandizo kuboma, boma n'kuwapatsa koma n'kuwaletsa kaye kugulanso masheya. Ife 156,000 ija inali yobwereketsa mwezi uno.

Nambala 5: Eyatu! Ine ndinalembetsa 100,000 kalekale, Lachinayi anandiuza kuti m'bokosi mulibe. Ndinabwerera manja lendee, katundu amene ndinasungitsa anagulitsa kwa wina. Kani ndalama zinakwera galimoto.

Nambala 9: Abale, 240,000 imene mukuizungulirayo ndi yanga, ingonditchulani. Sindinakane ngongole ine. Katundu ndinagula, malisiti ndili nawo, koma amene ndinamutuma kukatenga uja mpaka lero foni yake sikugwira. Sabata yomweyo mwana anagonekedwa m'chipatala masiku khumi ndi awiri, ine ndikugona pansi pa bedi pa chitenje chimodzi, ndipo pagulu lino anabwera kudzandiona ndi anthu awiri okha, ndikuwadziwa. Potuluka kumeneko foni yanga anandibera mu basi. Bambo a kunyumba ntchito inawathera mwezi womwewo. Ndiye mukati miyezi itatu, miyezi itatu, muzinenanso zomwe zinachitika m'miyezi itatuyo. Ndalama ya thumba la mavuto imene ndimayenera kulandira mwana atadwala ndinaiona? Munati thumba lauma, koma pa maliro aja inapezeka tsiku lomwelo. Ine sindinalankhule, ndinangomeza. Lero ndine chitsanzo cha m'masamu a alembi.

Mlembi: Mayi, dzina lanu sindinalembe.

Nambala 9: Mukanalemba kukanakhala bwino kusiyana n'kundinena ngati munthu wakufa.

Nambala 3: Za maliro aja musaziyambenso, tinakhala mpaka mdima tsiku lija.

Nambala 7: Koma zoona thumba la mavuto silinawerengedwe pagulu chiyambire chaka chino.

Msungichuma: Liwerengedwa. Bwerani ndi maso anu.

Nambala 11: Tisasochere. Ine funso langa ndi limodzi. Ngati wotuluka amalandira ndi phindu lomwe, achemwali anga gulu liwapatse lawo la chaka chatha, masheya 45. Ngati salandira, alamu abweze 36,000 yapamwambayo. Sankhani chimodzi, atcheya.

Atcheya: 36,000 mwaitenga kuti? Alembi anu omwewo akuti kusiyana kwake ndi 24,000.

Nambala 11: 600 kuchulukitsa ndi 60. Ine ndikuwerengera pa 2,000 ya ndime 14, osati pa mtengo wanu kapena wa alembi.

Mlembi: Zonse ziwiri n'zoona, zikungotengera kuti tikutsata lamulo kapena tikutsata chuma chomwe chilipo. Koma palibe njira imene ikufika pa 156,000.

Atcheya: Ine ndatumikira gulu lino zaka zisanu osalandira kalikonse. Bokosi litasowa loko ndinagula ndi ndalama ya m'thumba mwanga. Lero mukunditenga ngati wakuba chifukwa cha mwana wa sukulu ndi mayi amene akulirira achemwali ake. Ngati mwatopa nane nenani, mpando si wa makolo anga.

Nambala 5: Za loko timazimva chaka chilichonse. Tidzakugulirani awiri.

Nambala 14: Anzanga tiyeni tiziopa Mulungu polankhula. Komanso amene anatenga mbale ya chindapusa Lachinayi abweze, ndi ya kunyumba kwanga ija.

Nambala 7: Nanga chindapusa chochedwa chimagwira ife tokha? Wa kiyi wachiwiri amafika tikutseka, sindinamuonepo akuponya m'mbalemo.

Nambala 2: Ndimachokera kutali ine, mukudziwa. Kiyiyo mukaifuna tengani.

Nambala 9: Poti mwandivula kale, ndimalize. Ngongole ija sindinadye ndekha. Pa 240,000 paja, 80,000 ndinatengera alamu a atcheya, chifukwa iwo anali atafika kale pa malire a masheya awo. Anati azindipatsa mwezi ndi mwezi, anandipatsa kamodzi kokha, 10,000. Tsiku lomwe ankalandira 156,000 ija ine ndinali pakhomo pawo m'mawa, anandiuza kuti gulu silinawapatse kanthu. Uthenga wawo ndinali nawo mu foni inabedwa ija, koma amsungichuma analipo tsiku lomwe tinkagawana ndalamazo kuseri kwa nyumba.

Nambala 3: Amsungichuma?

Msungichuma: Ine ndinati musanditchule.

Nambala 11: Atcheya, mumadziwa kapena simumadziwa?

Nambala 16: Ngati zili choncho, 70,000 imeneyo inayenera kudulidwa asanalandire.

Nambala 11: Atcheya, uthenga mwawerenga, zikuoneka.

Nambala 14: Mbale ija ndi yobiriwira, yong'aluka pang'ono m'mphepete.

Nambala 11: Atcheya?