Malo atatu, makosi asanu: ndisiye ziti ngati ndikufuna kudzapitiriza theoretical physics?

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndili chaka chachitatu cha digiri ya fizikisi ndipo sabata yamawa tikuyenera kulembetsa makosi osankha a chaka chomaliza. Quantum mechanics gawo lachiwiri, electromagnetism ndi projekiti n'zokakamiza, ndiye pamenepo palibe nkhani. Vuto lili pa osankha: malo ndi atatu, koma amene ndikuwasirira ndi asanu. Pali chiyambi cha quantum field theory (QFT), general relativity, statistical mechanics yapamwamba, kenako complex analysis ndi group theory za ku dipatimenti ya masamu. Cholinga changa n'kudzachita masitazi kenako PhD, makamaka mbali ya ma particle.

Mtima wanga uli pa QFT ndi relativity, chifukwa n'zimene zinandikokera ku fizikisi. Koma ndisabise, classical mechanics ya chaka chachiwiri ndinangodutsa mwamwayi. Za Lagrangian ndi Hamiltonian, njira zolembera malamulo a kayendedwe ka zinthu pogwiritsa ntchito energy, ndinaloweza n'kukalavula pa mayeso. Linear algebra yokha ndi imene ndinaimvetsa bwino. Amene munadutsa njira imeneyi, mukanakhala ine mukanasiya ziti? Nanga osankha ophunzira a masitazi amayang'ana mayina a makosi pa transcript?

Wa chaka chachiwiri cha PhD: Achimwene, bala mwaliloza nokha. Tsiku loyamba la QFT aphunzitsi adzalemba Lagrangian pa bolodi ndipo sadzabwereranso kukafotokoza kuti n'chiyani. Sabata yachiwiri mudzakumana ndi theorem ya Emmy Noether ya 1918, imene imati symmetry iliyonse yosadukiza imabereka chinthu chosungika: malamulo akakhala osasintha ndi nthawi, energy imasungika, akakhala osasintha ndi malo, momentum imasungika. Path integral ya Feynman ya 1948 nayonso yamangidwa pa action yomweyo imene munaloweza ija. Ndiye musanaganize zosankha, tchuthi chikubwerachi tulutsani manotsi a mechanics aja, muzipanga masamu ake ndi pensulo mpaka Poisson bracket izidzakukumbutsani commutator popanda wokuuzani.

Pa makosiwo ine complex analysis sindingaisiye. Ndinaisiya ineyo, ndipo ndinalira nayo. Mu QFT, propagator, masamu ofotokoza mmene particle imayendera kuchoka pamalo ena kupita pena, ili ndi ma pole, ndipo funso loti contour idutse pamwamba kapena pansi pake si masewera a masamu chabe, ndi limene limasiyanitsa propagator ina ndi inzake. Anzanga amene ankadziwa residue theorem ankamaliza integral m'mizere itatu, ine ndikudzaza tsamba.

Membala wina: Ine ndikusiyana nawo pang'ono. Tengani QFT. Palibe amene amaimva ulendo woyamba, ngakhale atakonzeka bwanji. Mukaiona chaka chino n'kusokonezeka, ku masitazi mudzaiona kachiwiri muli ndi mafunso kale. Komanso mudzadziwa msanga ngati mumaikondadi, chifukwa zimene timamva m'mavidiyo ndi zimene zili m'kalasi n'zosiyana. M'kalasi ndi masabata owerengera ma trace a gamma matrix n'kusakasaka chizindikiro cha minus chimene chasowa.

Mphunzitsi wa pa yunivesite: Ndakhala ndikuwerenga makalata a ofuna malo a masitazi kwa zaka zingapo, ndiye ndiyankhe funso lanu lachiwiri. Dzina la kosi palokha silitisangalatsa. Giredi yofooka ya QFT pamwamba pa giredi yofooka ya mechanics imatiuza kuti munthuyu anathamangira denga maziko asanaume. Timayamba tayang'ana makosi anayi: mechanics, electromagnetism, quantum ndi statistical mechanics. Kenako timawerenga kalata ya amene anakuyang'anirani pa projekiti.

Ndadabwa kuti palibe watchula statistical mechanics. Ophunzira ambiri okonda ma particle amaiona ngati nkhani ya mainjini ndi mpweya wa m'botolo, n'kuitaya. Kumeneko n'kulakwitsa kwakukulu. Mukatenga path integral n'kusandutsa nthawi kukhala imaginary, chimene chimatuluka ndi partition function. Masamu ake ndi amodzi. Kenneth Wilson, amene anaphunzira za ma particle, anagwiritsa ntchito renormalization group pofotokoza phase transition mu 1971, nalandira mphoto ya Nobel mu 1982, ndipo mmene timamvetsera renormalization lero zinachokera pamenepo. Ngakhale nkhani ya Higgs ya 1964 inatsatira maganizo ochokera ku superconductivity, amene Nambu ndi Philip Anderson anali atawafufuza zaka zochepa m'mbuyomo. Munthu amene anaona kale maginito akusankha mbali imodzi akazizira savutika kumva za symmetry breaking.

Relativity ndi yokoma, sindikutsutsa, koma ikhoza kudikira. Imaima payokha kuposa enawo, ndipo mapulogalamu ambiri a masitazi amaiyamba pachiyambi penipeni. Chimene imafuna ndi kuleza mtima ndi ma tensor. Einstein mwiniwake mu 1912 anachita kupempha mnzake Marcel Grossmann ku Zürich kuti amuthandize geometry ya Riemann, ndipo zinamutengerabe mpaka November 1915 kuti amalize.

Wa masamu: Chenjezo pa group theory. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pitani mukaone silabasi musanalembetse. Kosi yoyamba ya ku dipatimenti kwathu kawirikawiri imakhala ya ma finite group: ma permutation, ma coset, ma theorem a Sylow. Ndi masamu okongola, ine ndimawakonda, koma inu mukufuna ma Lie group ndi ma representation. Spin imene mukuphunzira mu quantum ndi SU(2). Gell-Mann anasanja ma hadron ndi SU(3) mu 1961. Standard Model yonse, chiphunzitso chofotokoza ma particle amene timawadziwa, yaima pa SU(3), SU(2) ndi U(1). Ngati silabasiyo ilibe mawu oti representation, mutha semesita yonse osakumana ndi zimenezi. Poti linear algebra munaimvetsa, yambani nokha ndi angular momentum ya mu quantum, muzionetsetsa mmene ma ladder operator akugwirira ntchito. Imeneyo ndi Lie algebra kale, kungoti sanakuuzeni dzina.

Wa chaka chachiwiri cha PhD: Ndionjezere kamodzi. Musaganize kuti theory ndiye kuthawa kompyuta. Lattice QCD, njira yowerengera mphamvu yomanga ma quark pamodzi, ndi makompyuta okhaokha, ndipo ngakhale ife a pensulo timatsimikiza zotsatira zathu ndi Python kapena Mathematica. Ngati mungathe, sankhani projekiti yokhala ndi kakodi. Ising model ya 2D, chitsanzo chosavuta cha maginito, ndi yabwino kuyambira: mumalemba pulogalamu yaifupi, n'kuona phase transition ndi maso anu, ndipo yankho lenileni lilipo loyerekezera poti Onsager anaipeza mu 1944.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Ndapita kukaona silabasi ya group theory, ndipo zilidi monga mwanenera, Sylow ali pa sabata yachisanu ndi chinayi ndipo za Lie palibe paliponse. Imeneyo ndaichotsa. Complex analysis ndi statistical mechanics ndalemba kale pa fomu, ngakhale yachiwiriyo ndalemba dzanja likukana. Atsala malo amodzi, QFT kapena relativity. Aphunzitsi, mwati relativity idikire, koma mwatinso giredi yofooka ya QFT ingandipweteke. Ndiye nditani pamenepa?

Mphunzitsi wa pa yunivesite: Zitengera tchuthi chanu. Mukabwerako, tengani pendulum iwiri yolumikizana, mulembe Lagrangian yake, mutulutse ma equation ndi ma normal mode osatsegula buku. Zikatheka, lembetsani QFT, chifukwa field ndi ma oscillator ambirimbiri olumikizana motero. Zikakanika, lembetsani relativity, ndipo mukapemphe amene akuphunzitsa QFT kuti muzingokhala nawo m'kalasi osalemba mayeso. Ambiri sakana. Fomuyo amalola kusintha mpaka liti?

Wofunsa: Mpaka sabata yachiwiri ya semesita. Ndiye pakadali pano ndilemba relativity, QFT ndiisunga pambali. Manotsi a mechanics ndawapeza, ngakhale masamba a Hamiltonian ndikuona kuti ndinalemba theka lokha.