Fayilo ya IFC ya shedi ikuvuta kulowa mu SolidWorks

Wa_ku_Kamwendo:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Tikupanga konveya ndi eleveta yokwezera mtedza ndi soya mu shedi yatsopano kuno ku Kamwendo, Mchinji. Wojambula mapulani ali ku Lilongwe, amagwiritsa ntchito Revit, pulogalamu yojambulira nyumba, ndipo watumiza fayilo ya IFC, mtundu wa fayilo wotumizirana modelo ya nyumba pakati pa mapulogalamu osiyana. Mu SolidWorks, pulogalamu imene timajambulira makina, imachedwa kutseguka, ikatseguka mbali zina za nyumbayo kulibe, ndipo mizati yobulungira ikubwera ndi timakona tambirimbiri moti pakati pake sipakugwirika. Changa n'chimodzi: kudziwa pamene padutsa mabimu ndi mathirasi kuti mutu wa eleveta usagunde denga. Vuto lili kwa ine kapena kwa wotumiza?

Injiniya_Mtunthama:
Achimwene, gawo lalikulu lili kwa wotumiza, koma mwina simunamuuze chimene mukufuna. Yambani ndi zosowazo. Nthawi zambiri chimachititsa ndi malo amene nyumbayo yaikidwa. Ngati potumiza anasankha Shared Coordinates, nyumbayo imabwera ndi manambala a masaveya, a UTM zone 36S, ndipo ku Mchinji kuno nambala yolozera kumpoto imapitirira mamita 8,000,000. Pomwe SolidWorks, pa part imodzi, imalola zinthu zokhala mkati mwa mamita 500 kuchokera pa origin (poyambira miyeso ya modelo) mbali iliyonse. Chakunja kwa malirewo chimakanika kumangika, kapena chimanjenjemera mukamachitembenuza. Muuzeni atumizenso, pa Coordinate Base asankhe Project Base Point kapena Internal Origin, ndipo mugwirizane mphambano imodzi ya magiridi, tinene A ndi 1, kuti ndiye poyambira miyeso nonse awiri.

Kulemerako n'chifukwa wakupatsani nyumba yonse, zitseko, mawindo, matoileti ndi malata omwe. Apange 3D view yapadera, abise zonse kusiya mizati, mabimu, mathirasi, silabu ndi makoma oyandikana ndi makina, kenako achonge Export only elements visible in view. Zipinda asatumize, chifukwa IfcSpace, dzina la chipinda mu IFC, ikhoza kubwera ngati chibuluku chodzaza shedi yonse.

Za timakonato, tsegulani fayiloyo ndi Notepad, ndi mawu wamba. Kumtunda kuli mzere wa FILE_SCHEMA. Mukapeza IFC4, mwina anagwiritsa ntchito Reference View, imene cholinga chake n'kungoonera, ndiye zinthu zambiri zopindika imazisandutsa timakona atatu. Pemphani IFC2x3 Coordination View 2.0 kapena IFC4 Design Transfer View. Pamenepo mizati ndi mabimu owongoka amabwera olimba bwino. Zokhotakhota zina zidzabwerabe ndi timakona, musataye nazo nthawi.

Mayi_wa_CAD:
Ndiwonjezereko, poti ojambula ena sayankha foni msanga. Fayilo muli nayoyo mukhoza kuisefa nokha ndi IfcConvert, ya ulere, yochokera ku IfcOpenShell:

IfcConvert shedi.ifc shedi.stp --include entities IfcColumn IfcBeam IfcMember IfcSlab

Imatulutsa STEP, fayilo ya .stp imene SolidWorks imatsegula, ya zinthu mwatchulazo basi. IfcMember musaiwale, zitsulo za mathirasi kawirikawiri zimakhala m'menemo. Mukatsegula ikani coordinate system yanu pa giridi ija. FreeCAD nayo imatsegula IFC n'kutulutsa STEP, kungoti pa fayilo yaikulu imadya nthawi, magetsi akhoza kukuthimirani ili pakati. Kungosintha dzina kuchoka .ifc kukhala .stp sikugwira, ngakhale mkati mwake zimaoneka zofanana.

Musanajambule kalikonse yezani mtunda umodzi umene mukuudziwa pa pulani, monga pakati pa mizati iwiri. Ukasiyana ka 1000 ndiye mamita asokonezeka ndi mamilimita, ka 25.4 ndi mainchi, ka 304.8 ndi mafiti. Komanso mu Revit ndi IFC kumwamba ndi Z, mu SolidWorks ndi Y, choncho nyumba ibwera chogona. Itembenuzeni madigiri 90 pa X mu assembly, muikhome ndi Fix.

Wa_ku_Kamwendo:
Zikomo nonse. Ndayang'ana, yalembedwadi IFC4. Nanga nditapempha fayilo ya Revit yeniyeniyo, sizingaphweke?

Injiniya_Mtunthama:
Zikanaphweka mukanakhala pa Inventor, pulogalamu ina yojambulira makina. Kuyambira ya 2021 imalumikiza RVT, fayilo ya Revit yeniyeniyo, mwachindunji, mumasankha 3D view imene mukufuna, ndipo wojambula akasintha nyumba inunso mumalandira kusinthako. Pa SolidWorks pemphani fayilo ya mtundu wa SAT: mu Revit ndi Export, CAD Formats, ACIS, ali pa 3D view yosefedwa ija. Mayina a zinthu ndi zizindikiro zake zimatayika, koma pa ntchito yanuyi mukufuna maonekedwe okha.

Mayi_wa_CAD:
Ndipo nyumbayo muisunge ngati subassembly yakeyake, musamange ma sketch a makina pa nkhope zake, chifukwa fayilo yatsopano ikabwera zonse zimaduka. Jambulani sketch imodzi ya magiridi ndi misinkhu, makina atsamire pa imeneyo.

Ngati shediyo yayamba kale kumangidwa, pitani ndi tepi kapena laser mukayeze kuchokera pa silabu kufika kunsi kwa thirasi, pamalo enieni pamene eleveta idzaime. Silabu yothiridwa pamanja siitsata modelo mpaka pa milimita, ndipo owotcherera amasuntha mabulesi osauza munthu. Pamwamba pa mutu siyani mpata woti chivundikiro chitseguke ndi kuti mota itulukemo, ndipo mabowo a mabawuti pa mapuleti omangira ku bimu akhale otalikirapo kuti muzitha kusuntha. Pobweza makina anu kwa wojambula, yambani mwawapeputsa ndi Defeature, mabawuti ndi maberingi achoke, kenako Save As IFC pa origin yomwe ija.