Bwalo la njinga pa maenje a njerwa: akumbe ndani, asamalire ndani?

Wapampando, ku Lilongwe:
Amayi ndi abambo nonse, ndakupatsani moni. Pa msonkhano wapitawu tinagwirizana kuti malo amene tinaumbirapo njerwa za sukulu, kumunsi kwa bwalo la mpira, asapitirire kukhala maenje oswera udzudzu, ndipo achinyamata anapempha kuti pakonzedwe njira ya njinga yokhala ndi zitunda zodumphira. A gulupu avomera, ndipo nkhaniyi yafika kale ku komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC). Chatsala ndi funso la anthu: adzakumba ndani, ndipo mvula ikadzagumula, adzakonzanso ndani? Ndikupempha kuti tikambirane zimenezi zokha.

Membala wa ku Manchester:
A Wapampando, ine sindikuona chifukwa chovutitsira ana ndi makasu. Ife amene tili kunja tikhoza kusonkha ndalama yobwereka makina okumba dothi aja otchedwa katapila kwa tsiku limodzi, awunjike dothi, ntchito ithe. Tikadikira anthu ongodzipereka, mvula itipeza tikadali pa chitunda choyamba.

Membala wa ku Johannesburg:
Achimwene a ku Manchester, mtima wanu ndi wabwino, koma ndiloleni ndifotokoze mmene njira zoterezi zimakhalira, chifukwa kuno ku Joni ndimaziona pafupi. Katapila amatha kuwunjika dothi, koma satha kupanga chitunda chodumphira. Chitunda chimakhala ndi ponyamukira, pamene pamapindika pang'onopang'ono kuti njinga ikwere m'mwamba popanda kumugwedeza wokwerayo, ndiponso potera, pamene pamayenera kukhala potakata ndi potsetsereka bwino kuposa ponyamukira. Kupindika kumeneko kumasemedwa ndi fosholo, kenako wina amakwera kuyesa, n'kubwerera kudzauza anzake kuti apa pakundiponya kutsogolo, tichotseko pang'ono. Munthu amene sakwera njinga sangaone cholakwikacho ndi maso, ngakhale atakhala mmisiri wa misewu.

Chachiwiri n'chakuti dothi limatha tsiku ndi tsiku. Matayala amadya mlomo wa ponyamukira, mabuleki amakumba timaenje pofika pa khona, dzuwa limang'amba pamwamba. Malo amene ndawaona akukhalitsa ndi amene ali ndi lamulo limodzi losavuta, lakuti wosakumba asakwere. Mnyamata amene anatuluka matuza m'manja pomanga chitunda salola mnzake kuchiponda chili chonyowa. Ndikupempha kuti tiyambe ndi zitunda zazing'ono zosapitirira mita imodzi, zophwatalala pamwamba, zopanda dzenje pakati pa ponyamukira ndi potera, kuti amene walephera kudumpha angogudubuzika n'kutsika. Tisaiwalenso kuti masewerawa si a ana okha, pakuti mpikisano wa njinga zing'onozing'ono zodumphira zotchedwa BMX unalowa m'masewera a Olimpiki mu 2008 ku Beijing.

Amayi a komiti ya sukulu, kumudzi:
Ndawerenga zonse, koma ine ndiyankhula ngati kholo limene lili pomwepo. Inu muli kutali, mwana akathyoka mkono adzathamanga naye ndife, ndipo ulendo wopita kuchipatala cha boma pa Dedza si waulere. Komanso mukunena zokumba, pamene ife takhala tikudandaula za maenje omwewo chifukwa nthawi ya dzinja amadzaza madzi ndipo ana ang'onoang'ono amasewera m'mphepete. Ngati dothi la zitunda zanu lichokera m'maenje atsopano, ine ndikukana lero lomwe. Ndikufunanso kumva ngati ana amenewa adzakumba nthawi ya sukulu, chifukwa mwana akamva kuti kuli njinga, kope amaliiwala.

Wapampando wa a kabaza pa siteji:
Zikomo a Wapampando pondilowetsa m'gulu lino. Ndaona kuti mukamati okwera njinga mukuphatikiza tonse pamodzi, pamene sitili chimodzimodzi. Ife a kabaza njinga ndiye munda wathu. Ambiri mwa anyamata anga njinga si zawo, amabwereka kwa eni ake ndipo madzulo aliwonse amayenera kupereka ndalama, kaya apeza makasitomala kaya ayi. Tsiku limene mnyamata wotere wagwira khasu kwaulere, kunyumba kwake sikuphikidwa ndiwo, ndipo ngongole kwa mwini njinga yakula. Komanso njinga ya kabaza, ngakhale Buffalo yolimba ija, inapangidwira kunyamula katundu pakaliyala, si yodumphira. Mukaidumphitsa, masipoko amaduka, limu imapindika, foloko imatha kukhota, ndipo amene alipire ndi ife.

Amene amadumpha ndi ana a sukulu amene ali ndi tinjinga ting'onoting'ono ta pa kaunjika, pamodzi ndi anyamata amene akuphunzira kukonza njinga pansi pa mtengo paja pamsika. Amenewo anayamba kale. Pitani kuseri kwa chigayo mukaone kachitunda kamene anapanga ndi matumba a mchenga ndi thabwa lakale, pamene amatera pafupi ndi msewu wa ngolo. Ndiwo muyenera kulankhula nawo. Ife sitikukana kuthandiza, ndipo tikhoza kutunga madzi m'zigubu m'mamawa anthu asanayambe kuyenda, koma musatilembe ngati eni bwalo.

Aphunzitsi opuma:
Mawu a bambo a kabaza ndi olemera, ndipo akundikumbutsa chinthu chimene tiyenera kuchinena poyera. Ife amene tinakula nthawi ya Kamuzu tikukumbukira Youth Week, pamene achinyamata tinkalambula misewu, kukonza milatho ndi kuumba njerwa popanda malipiro. Ntchito inkagwirika, koma panalibe amene ankafunsidwa ngati akufuna. Makolo athu nawonso ankatisimbira za thangata ya m'minda ya azungu. Kenako kunabwera ntchito za MASAF, anthu n'kuzolowera kuti ukagwira khasu pa msewu umalandira kangachepe. Mbiri yonseyi ili m'mitu ya anthu, motero tikangolengeza kuti achinyamata onse abwere ku chitukuko Loweruka, ena adzamva ngati tikuwakakamiza, ena adzabwera akuyembekezera ndalama, ndipo tsiku lachiwiri sadzaonekanso.

Maganizo anga ndi akuti tigawe ntchitoyi pawiri. Ntchito yolemera ya kamodzi kokha, monga kututa dothi, kukwirira maenje ndi kukumba ngalande, tiilipire ngati ganyu, ndipo a kabaza amene akufuna akhale oyamba kupatsidwa mwayi. Koma kusema zitunda ndi kuzisamalira kukhale kwa amene adzadumphapo, popanda malipiro, chifukwa phindu lake ndi lawo. Tikadzalipira mnyamata kuti akonze chitunda chimene amasewerapo yekha, tsiku limene thumba lathu lidzaume iye adzaima pambali n'kumadikira.

Membala wa ku Manchester:
Aphunzitsi, ndakumvani, koma kodi si nkhanza kulipira wina pamene mnzake akugwira kwaulere pamalo omwewo? Zimenezi zikhoza kubweretsa kaduka.

Aphunzitsi opuma:
Zikhoza kutero ngati titachita mobisa. Tikanena pamaso pa a mfumu kuti ntchito iyi ndi ganyu ndipo iyi ndi ya eni bwalo, komanso tikapatula masiku ake, aliyense adzasankha akudziwa.

Alangizi a zaulimi opuma:
Ndikufuna ndiyankhe amayi a komiti ya sukulu, chifukwa nkhawa yawo ya maenje ndiyo ikhoza kutiphunzitsa kamangidwe koyenera. Sitiyenera kukumba dzenje latsopano ngakhale limodzi. Maenje amene alipo ali ndi zipupa zoongoka, ndipo tikazigumula kuti zikhale zotsetsereka tidzapeza dothi lambiri, pomwenso tikuchotsa ngozi ya mwana kugweramo. Dothi la pamwamba lokhala ndi mizu ndi zinyalala liikidwe padera, chifukwa mizu ikawola mkati mwa chitunda chimatitimira. Chimene tikufuna ndi katondo wa pansi, yemweyo amene anatipatsa njerwa. Kuliyesa n'kosavuta: tengani lodzaza dzanja, linyowetseni pang'ono, mulifinye. Likagwirana n'kusunga zidindo za zala, ndi labwino. Likamwazika, mchenga wachuluka. Likamata m'manja ngati phala, ndi makande, amene amang'ambika m'chilimwe n'kuterera m'dzinja, ndipo ayenera kusakanizidwa ndi mchenga.

Pomanga, musathire mulu wonse nthawi imodzi. Thirani dothi lokwana masentimita 10 kapena 15, liwazeni madzi, litsindireni mpaka lilimbe, kenako muthire lina. Pamwamba pamamalizidwa pomenya ndi kumbuyo kwa fosholo, monga momwe amayi amatsirizira kuzira pansi m'nyumba. Koma chachikulu ndi madzi. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo malo amenewo ali kumunsi kwa bwalo la mpira, kumene madzi onse a pabwalo amathamangira. Tisanamange chitunda chilichonse, tikumbe ngalande kumtunda yopatutsa madziwo, tibzale vetiva m'mphepete mwake, ndipo njira yonse ipendekeke pang'ono kuti madzi asaime pansi pa ponyamukira. Achinyamata amene anaphunzira kuika akalozera m'minda akudziwa kale kuyeza kutsetsereka kwa malo.

Nthawi yabwino yomangira ndi mwezi wa April ndi May, mvula ikangosiya, dothi likadali ndi chinyontho. Ndikudziwa kuti imeneyo ndi nthawi yomwe mabanja amayamba kukolola, koma tikadikira holide ya August dothi lidzakhala fumbi lokhalokha, ndipo madzi onse tidzachita kutunga. Musaiwalenso kuti anthu akatha kukolola mbuzi ndi ng'ombe zimamasulidwa, ndipo ziboda zimawononga chitunda usiku umodzi. Mpanda wa minga poyamba, kenako khonje, ndi wofunika.

Mtsikana wa ku sekondale, woimira achinyamata:
Makolo anga nonse, zikomo potipatsa mpata. Tinakumana dzulo ife amene timakwera, ndipo tikufuna mudziwe kuti kukumba sitikuopa. Chimene tikuopa ndi kumanga kenako n'kuuzidwa kuti makiyi a zipangizo ali ndi munthu wamkulu amene wapita kumaliro kutali, chitunda chikung'ambika ife tikungoyang'ana. Tikupempha kuti mafosholo, reki, wilibala ndi makheni othirira zisungidwe pafupi ndi bwalo, ndipo tisankhe tokha awiri oti azilemba m'kope amene watenga ndi amene wabweza.

Malamulo tawakonza kale. Pasakhale kukwera dothi lili lonyowa. Aliyense asanayambe kudumpha asese miyala ndi kuwaza madzi. Amene wagumula mlomo wa chitunda akonze asanapite kwawo. Pasakhale wokweza chitunda payekha usiku, chifukwa tikudziwa kuti anyamata akuluakulu adzafuna zitalizitali, ndipo mwana amene anazolowera chitunda dzulo akhoza kuvulala lero atapeza chasintha. Kusintha kulikonse tizigwirizana tonse. Amene alibe njinga koma wakumba, azibwerekedwa njinga, ndipo zimenezi zikukhudza kwambiri ife atsikana, chifukwa m'mabanja ambiri njinga imapatsidwa kwa mnyamata. Tikupemphanso kuti atsikana tisamangotumidwa kutunga madzi pamene anyamata akusema. Amayi a komiti ya sukulu, ntchito tidzagwira Loweruka m'mawa basi, ndipo bwalo lizitsegulidwa tikaweruka.

Amayi a komiti ya sukulu, kumudzi:
Mwana wanga, wayankhula zakupsa. Za maenje alangizi andikhutiritsa. Koma pa za kuvulala sindinasunthe. Ndikufuna zipewa zodzitetezera kumutu zigulidwe chitunda choyamba chisanathe, ndipo wopanda chipewa asadumphe, ngakhale atakumba mwezi wonse. Ndikufunanso kuti kholo la mwana aliyense livomere pamaso pa komiti, ndipo pakhale munthu wamkulu mmodzi amene waphunzitsidwa chithandizo choyamba ndi azaumoyo a m'dera lathu.

Msungichuma, ku Blantyre:
Kumbali ya thumba, maganizo a aphunzitsi ndi otheka. Ndalama zimene abale a kunja amafuna kubwerekera katapila zikhoza kulipira ganyu ya dothi ndi ngalande, kugula zipangizo ndi zipewa, ndi kuphika nsima pa masiku a ntchito. Sindikuvomereza za alawansi kwa a komiti, chifukwa tikayamba zimenezo achinyamata adzafunsa chifukwa chimene iwo akugwirira kwaulere. Ndikupemphanso kuti tisunge kangachepe ka chaka chamawa, chifukwa mvula yoyamba idzawononga ndithu, ndipo tidzafunika mapepala apulasitiki okutira zitunda kuyambira mu November. Ponena za ana ovulala, thumba lathu silingalonjeze kulipira chilichonse, koma ndalama ya thiransipoti yopita kuchipatala tikhoza kuipatula.

Membala wa ku Manchester:
Ndikuvomera kuti zitunda zisemedwe ndi manja. Koma pa ntchito yogumula zipupa za maenje ndikuonabe kuti makina akhoza kuchita mwachangu ndi motchipa, ndipo ndikupempha kuti tifunse mitengo yonse iwiri tisanatseke nkhaniyi.

Wapampando, ku Lilongwe:
Pempho limenelo ndi loyenera, ndipo a msungichuma afunse mtengo wa katapila ndi wa ganyu kuti tiyerekeze, pokumbukira kuti ndalama ya ganyu imatsala m'mudzi. Pa zina zonse ndikuona kuti tamvana. Alangizi ndi achinyamata akayendere malowo Loweruka likubwerali, akhome zikhomo posonyeza ngalande ndi njira, ndipo achimwene a ku Joni aone zithunzi asanakumbe aliyense. Amayi a komiti ya sukulu aitanitse makolo. Ine ndilankhula ndi a gulupu kuti mgwirizano wa malo ulembedwe ndi kusainidwa, n'cholinga choti pasadzapezeke wina wodzalimapo chimanga bwalo litatha.

Wapampando wa a kabaza pa siteji:
Loweruka ndidzabwera ndi mayina a anyamata amene akufuna ganyu, ndipo ndidzaitana amisiri awiri okonza njinga kuti adzaone mabuleki ndi mafoloko a tinjinga ta anawo asanayambe kudumpha. Alangizi, mubwere ndi chingwe choyezera, zikhomo tidzadula ife.