Phala likatha, ana nawonso amatha

Mtsogoleri wa mkombaphala, Bangula:
Anzanga, ndithandizeni nzeru. M'kaundula muli ana 64, koma phala likangotha mu Januwale amabwera 15 okha. Mwa alezi anga atatu, awiri amapita ku ganyu. Sindingawaletse, nanga si ndi ongodzipereka. Wotsalayo amangowaimbitsa nyimbo imodzimodzi mpaka 10 koloko. Chaka ndi chaka n'chimodzimodzi.

Wapampando wa komiti, Ngabu:
Mayi, vuto n'lakuti mumapempha ufa nthawi imene makolo nawonso akudya nyika, timizu ta m'madambo ta nthawi ya njala. Ife nkhani ya Januwale timaikamba mu Epulo, madzi akangophwa. Tinapita kwa a nyakwawa, anatipatsa kadimba, ndipo banja lililonse lokhala ndi mwana pasukulu limalima m'mawa umodzi pa sabata. Tikakolola, matumba asanu timathira mankhwala n'kusoka. Sakhudzidwa mpaka Khirisimasi itadutsa, ngakhale pagwe maliro. Apo mtsogoleri azilimba mtima, poti opempha amakhala abale ake omwe.

Mlembi wa komiti, Nchalo:
Bwanji osangoti kholo lililonse lizisonkha ndalama pamwezi? Kwathu zikuyenda.

Wapampando, Ngabu:
Kwanu ambiri amalandira kumunda wa nzimbe, achimwene. Ku Bangula mukatero, mwana wa mayi wamasiye ndiye ayambe kutsala pakhomo.

Mlezi, Makhanga:
Ganiziraninso posungira. Namondwe Freddy uja wa mu Malichi 2023 anatipeza matumba ali pansi m'kalasi, sitinapulumutse ngakhale limodzi. Pano ali pansanja, kaundula ali m'ndowa yotseka.

Koma ndilankhuleko monga mlezi, musandikwiyire. Atsogoleri ambiri mumawerenga matumba, m'kalasi simulowa. Athu ano amakhala pamphasa ndi ana kamodzi pa sabata, sayankhula kanthu, kenako Lachisanu timakhala pansi pa mtengo kukonza za sabata yamawa. Tsiku lina anandifunsa: mwana uja amakhala pakona osayankhula, dzina lake ndani? Ndinachita manyazi, sindinalidziwe. Kuyambira pamenepo ana tinawagawa, azaka zitatu paokha, azaka zisanu paokha. Aakuluwo amawerengera nthanga za malambe ndi zitsekerero za mabotolo, aang'ono amaumba ng'ombe zadothi. Za ganyu tinalemba ndandanda, aliyense masiku ake, koma m'kalasi simutsala mlezi mmodzi yekha. Pokolola dimba alezi timalandirako ndowa imodzi imodzi, n'chifukwa chake sitithawa.

Mtsogoleri, Bangula:
Mwandilasa mtima, mayi, mwezi uno sindinalowemo n'komwe. Loweruka ndikaonana ndi a nyakwawa, koma ndikudziwa adzafunsa kuti dimba lija tinapatsidwa kale linathera kuti.

Wapampando, Ngabu:
Musapite nokha. Tengani makolo awiri ndi kaundulayo, akaone okha masiku amene ana anali 15.

Mtsogoleri, Bangula:
Chabwino. A ku Makhanga, ndijambulireni ndandanda wanuwo munditumizire madzulo ano.