Chiyambireni chisanu anthu anga sakumwa madzi, tichite bwanji?

Kapitawo wa zomanga:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi gulu la anthu 14, ntchito yapanja, maola 9 patsiku, kunyamula simenti ndi kumanga zitsulo. M'mawa kukumazizira mpaka madigiri 2 kapena 3, masana sikupitirira 10. Nthawi yotentha chigubu cha malita 60 chimatha tisanaweruke, koma pano chikutsala ndi malita oposa 45. Ikamakwana 2 koloko ambiri akudandaula mutu, ena chizungulire akadzuka pomwe anagwada. Ukawauza kuti amwe, akuti alibe ludzu. Vuto ndi madzidi kapena ndikulakwitsa?

Nesi wa pakampani:
A kapitawo, anthu anuwo sakunama, ludzu alibedi. Kungoti ludzu la nthawi yozizira si loti muzilikhulupirira. Kukazizira, mitsempha ya magazi ya pakhungu, m'manja ndi m'miyendo imafinyika kuti kutentha kusatuluke, ndiye magazi ambiri amaunjikana m'kati mwa thupi. Thupi limayesa kuti madzi achuluka. Limachepetsa ludzu, komanso impso zimayamba kutulutsa mkodzo wambiri. Wofufuza wina, Robert Kenefick, ndi anzake ku University of New Hampshire ku America anapeza mu 2004 kuti pozizira ludzu limatha kutsika ndi 40 peresenti.

Palinso mpweya. Nthunzi imene mumaiona ikutuluka m'kamwa m'mawa ija ndi madzi. Mpweya wa madigiri 0 sungasunge madzi opitirira magalamu 5 pa kiyubiki mita, pomwe umene timatulutsa umakhala ndi magalamu 30 kapena kuposerapo. Munthu wonyamula katundu, wopuma mwaphuma tsiku lonse, akhoza kutaya mamililita pafupifupi 400 m'njira imeneyi yokha. Onjezani thukuta la m'kati mwa majekete limene salizindikira. Malita 15 pa anthu 14 ndi lita imodzi yokha munthu aliyense. Ndi ochepa kwambiri pa ntchito yoteroyo.

Woyang'anira chitetezo:
Musanasinthe chilichonse, yezani kaye, chifukwa mutu ukhozanso kubwera ndi njala kapena utsi wa jenereta ndi mbaula m'kashedi kotseka. Pezani sikelo ya digito yoonetsa magalamu 100. Sankhani anthu 5 odzipereka, kwa masiku atatu. Aliyense ayambe wakodza, avule nsapato, jekete ndi ovololo, akwere sikelo. Muyezenso asanadye nkhomaliro, atangodya, ndiponso poweruka. Mukangoyeza m'mawa ndi madzulo, chakudya cha masana chibisa theka la kilogalamu, manambala anu n'kukhala opanda ntchito. Musamuyezenso atavala malaya onyowa ndi thukuta, chifukwa madzi amene atuluka m'thupiwo sikelo iwawerengabe.

Kilogalamu imodzi imene yachoka ndi lita imodzi ya madzi. Malire amene timayang'ana ndi 2 peresenti ya kulemera kwa munthu. Wa makilogalamu 70 akatsika ndi 1.4, mphamvu ndi tcheru zayamba kale kuchepa, ndipo munthu woteroyo pamwamba pa sikafodi ndi ngozi. Pobwezera, amwe lita 1.25 mpaka 1.5 pa kilogalamu iliyonse, pang'onopang'ono madzulo onse, osati kugugudiza kamodzi.

Kapitawo wa zomanga:
Nanga tchati choyerekezera mtundu wa mkodzo, choonetsa ngati madzi achepa m'thupi, sichingakwanire? Sikelo ikhala ikudya nthawi.

Nesi wa pakampani:
Chipachikeni m'chimbudzi ndithu, koma mudziwe pamene chimanamiza. Mkodzo ukakhala wachikasu choderako kapena wonga tiyi, madzi achepa, pamenepo palibe kukayika. Vuto ndi mkodzo woyera. Mu ola loyamba kapena lachiwiri munthu atalowa pozizira amakodza wambiri, woyera mbee, pamene thupi likuuma. Ndiye muziwauza kuti aziyang'ana wa chakumasana. Woyamba wa m'mawa umakhala woderako kwa ambiri, ndipo amene akumwa mavitamini okhala ndi B2 mkodzo wawo umawala chikasu ngakhale atamwa madzi okwanira.

Woyang'anira nyumba zoziziritsira katundu:
Zonsezi ndi zoona, koma ndikuuzeni chimene chimalepheretsa anthu: chimbudzi. Munthu wavala zovala zinayi ndi ovololo pamwamba, magolovesi, mwina ndi lamba wotetezera kugwa. Kuti akakodze ayenera kutsika, kuyenda mamita 200, kuvula zonsezo ndi zala zouma ndi chisanu. Amangosankha kusamwa. Amayi ndiye zimawavuta kwambiri. Sendezani chimbudzi pafupi, chikhale chotchinga mphepo, ndipo pasakhale wina wowerenga kuti uje wapita kangati.

Chachiwiri, madzi a m'chigubu chogona panja amakhala a madigiri 4 kapena 5. Amanyerenyetsa mano, palibe amene angamwe kapu yodzaza. Perekani ofunda, oti munthu n'kumwa osapemerera, kuyambira madigiri 40 mpaka 55. Chidebe chosunga kutentha cha malita 20 chokhala ndi mpopi chimathandiza. Musanathiremo madzi akumwa, thiranimo owira, mutseke kwa mphindi 5, mukhuthule. Mukapanda kutero chitsulo chozizira cha m'katimo chimayamba chalanda kutentha.

Kumene kumafika pansi pa 0, madzi amayamba kuundana pamwamba, ndiye botolo muziliika mozondotsa kuti pakamwa pake pasatsekeke, kapena likhale m'thumba la m'kati mwa jekete. Botolo la pakamwa potambalala limaposa la kapaipi, chifukwa kapaipi ndi kamene kamayamba kuundana. Chivindikiro chikhale choti n'kutsegula utavala magolovesi.

Foromani wa zamisewu:
Bwanji osangotenga lamulo la nthawi yotentha lija, kapu imodzi pa mphindi 15 mpaka 20 zilizonse, n'kuthiramo ORS m'chigubu chonse? Nkhani yatha.

Woyang'anira chitetezo:
Ayi achimwene, pamenepo mwapitirira. Lamulo limenelo la NIOSH (bungwe la ku America loona za chitetezo ndi umoyo pa ntchito), kapu ya mamililita 240 pa mphindi 15 mpaka 20, linapangidwira anthu ogwira ntchito potentha. Ndi lita pafupifupi imodzi pa ola. Pozizira, kwa ambiri, amenewo ndi madzi ochuluka. Munthu akamwa mopitirira muyezo mchere wa sodiyamu umachepa m'magazi, ndipo zizindikiro zake, mutu, nseru ndi kusokonezeka, zimafanana ndi za kuchepa kwa madzi. Ndiye wina amamuwonjezeranso madzi poganiza kuti akuthandiza. Ngakhale potentha, malangizo omwewo amaletsa kupitirira lita 1.4 pa ola.

Poyambira pabwino ndi apa: theka la lita asanayambe ntchito, kenako mamililita 200 mpaka 250 pa mphindi 40 zilizonse, ndi theka la lita pa nkhomaliro. Zonse pamodzi zimafika malita atatu ndi theka mpaka anayi. Kenako sikelo ndiyo ikuuzeni. Amene akutsikabe kupitirira 1 peresenti muwonjezereni, amene akuweruka atalemera kuposa m'mawa achepetse.

Nesi wa pakampani:
ORS m'chigubu ayi. Ndi wa munthu wotsegula m'mimba, wosanza, kapena amene watuluka thukuta lambiri kwa maola angapo osadya. Amene akudya chakudya chake bwinobwino mchere akuupeza kale, ndipo pa anthu 14 simungalephere kupezapo wa BP. Sungani mapaketi m'bokosi la chithandizo choyamba. Akatha, muyezo wake ndi lita imodzi ya madzi aukhondo, masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere, osasefukira.

Funsaninso mwamseri amene ali ndi matenda a mtima kapena impso, kapena akumwa mankhwala okodzetsa monga furosemide ndi hydrochlorothiazide. Ena mwa amenewa adokotala anawaikira malire a madzi, ndiye ndandanda yanu isawakhudze mpaka atafunsa kuchipatala. Ndipo mukaona wina yekha ali ndi ludzu losatha, akukodza pafupipafupi ngakhale usiku, akuwonda, chimenecho si chisanu. Akayezetse shuga.

Kapitawo wa zomanga:
Tiyi ndi khofi tiziwerengera? Ambiri amakonda zimenezo kuposa madzi.

Nesi wa pakampani:
Werengerani. Zoti khofi amaumitsa thupi n'zokokomeza kwa munthu amene anamuzolowera. Malire a kafeini kwa wamkulu wathanzi ndi mamiligalamu 400 patsiku, makapu anayi a khofi wamba, ndipo kwa amayi oyembekezera ndi 200. Chimene chimapitirira msanga ndi shuga, makapu asanu a masupuni atatuatatu. Msuzi wotentha ndi zipatso zimathandizanso. Mowa wokha ndiye ayi: umatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu amamva ngati wafunda pamene kutentha kukutuluka, komanso umakodzetsa. Wamatsire amafika m'mawa atauma kale.

Woyang'anira nyumba zoziziritsira katundu:
Tiyi wamkaka asagone m'fulasiki. Kofundako n'kumene tizilombo timaswana, ndipo mphira wa pachivindikiro umasunga fungo. Tsukani tsiku lililonse ndi sopo, mpopi womwe, muumike chotsegula. Aliyense akhale ndi botolo lake lolembedwa dzina, chifukwa kapu imodzi yomwera anthu 14 nthawi ya chimfine ikugonekerani theka la gulu.

Za zovala: chovala cha thonje chisakhudze khungu. Chimamwa thukuta, chimakhala chonyowa, munthu akaima n'kuyamba kunjenjemera. M'kati avale poliyesitala kapena ubweya, pakati chofunditsa, kunja chotchinga mphepo chokhala ndi zipi. Auzeni avule chimodzi asanayambe kunyamula, osati thukuta litatuluka kale.

Kapitawo wa zomanga:
Zamveka. Nanga ndiziwakumbutsa bwanji popanda kumakuwa ngati mphunzitsi wa ana?

Woyang'anira chitetezo:
Mabotolo a lita imodzi, jambulani mizere inayi ndi cholembera chosafufutika, mzere uliwonse ndi nthawi yake. Loyamba lithe pofika 10 koloko, lachiwiri 1 koloko, lachitatu poweruka. Kumwako kumangirireni ku zinthu zimene zimachitika kale, monga makina osakanizira konkire akamatsukidwa kapena gulu likamasinthana. Lembani malita otsala m'chidebe madzulo aliwonse kwa sabata imodzi, kenako mubwereze sikelo pa anthu 5 omwe aja.